Conor Cruise O'Brien: kodi mpando wa unduna ndiwo unawasintha?

Mtolankhani_Wachinyamata:
Akuluakulu a pa gulu lino, ndikupempha nzeru pa nkhani imene yandisowetsa mtendere sabata yonseyi. Ndakhala ndikuwerenga mbiri ya a Conor Cruise O'Brien a ku Ireland, amene anabadwira ku Dublin mu 1917 ndi kumwalira mu 2008 ali ndi zaka 91. Bambo awo anali mtolankhani, ndipo iwo eni anayamba kulemba akadali pa ntchito ya boma, pogwiritsa ntchito dzina lobisika lakuti Donat O'Donnell. Mu 1961 anasiya ntchito yapamwamba ya ukazembe kuti akhale ndi ufulu wonena poyera zimene anaona ku Katanga, chigawo cha dziko la Congo. Koma munthu yemweyo atakhala nduna yoyang'anira mapositi, matelefoni ndi wailesi kuyambira 1973 mpaka 1977, analimbitsa lamulo loletsa wailesi ndi kanema wa boma, RTÉ, kuulutsa mawu a chipani cha Sinn Féin, chimene chinkagwirizana ndi IRA, gulu la zida lofuna kuti Northern Ireland ichoke m'manja mwa Britain n'kuphatikizana ndi Ireland. Funso langa ndi lakuti, kodi mpando ndiwo unawasintha, kapena anali otero kuyambira kale? Sindikufunsa mwachidwi chabe, chifukwa ine ndemwe ndalemba nkhani kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anthu a kwathu akundiumiriza kuti ndidzaime pa chisankho.

Wa_ku_Ndola:
Dzina limeneli kuno kwathu silachilendo kwa amene amadziwa mbiri ya ndege ya a Dag Hammarskjöld. Ndiloleni ndiyambire pamenepo, chifukwa simungamvetse munthuyu popanda Katanga. A Moïse Tshombe analengeza pa 11 July 1960 kuti chigawo cha Katanga chapatuka ku Congo, ndipo kumbuyo kwawo kunali kampani ya migodi ya Union Minière pamodzi ndi asilikali aganyu achizungu. A Patrice Lumumba anaphedwera komweko mu January 1961. Chaka chomwecho a Hammarskjöld, amene anali mlembi wamkulu wa United Nations, anatumiza a O'Brien kuti akawaimire ku Elisabethville, mzinda umene lero timautcha Lubumbashi. Pa 13 September asilikali a bungweli anayamba nkhondo yotchedwa Morthor, ndipo a O'Brien anauza atolankhani kuti kupatuka kwa Katanga kwatha, pamene kunali kusanathe. A Tshombe anathawira kumalire a Northern Rhodesia, ndipo a Hammarskjöld akubwera kudzakumana nawo, ndege yawo inagwa pafupi ndi Ndola usiku wa pa 17 kucha kwa pa 18 September. Onse 16 amene anali m'ndegemo anamwalira. Ndapitako kangapo pa malo achikumbutso amene anamangidwa pamenepo, ndipo nthawi zonse ndimaganiza kuti kufulumira kwa a O'Brien kunali mbali imodzi ya zimene zinabweretsa ulendo umenewo.

Mphunzitsi_wa_Mbiri:
Achimwene a ku Ndola, mwafotokoza bwino, koma musawasenzetse katundu yense. Iwo eni, m'buku lawo la To Katanga and Back la mu 1962, ananena kuti ankatsatira malangizo ochokera kwa akuluakulu a United Nations ku Leopoldville, mzinda umene lero timautcha Kinshasa, ndipo kuti zinthu zitaipa anawasandutsa mbuzi ya nsembe. Tisaiwalenso kuti a Roy Welensky, nduna yaikulu ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene makolo athu ankalimbana nacho nthawi yomweyo, anali kumbali ya a Tshombe. Choncho mu 1961 a O'Brien anali mdani wa anthu omwewo amene anali adani a ufulu wathu. Potula pansi udindo mu December chaka chimenecho, anadzudzula poyera boma la Britain ndi la France kuti ankasokoneza ntchito ya United Nations ku Congo. Si akazembe ambiri amene amataya ntchito yawo motero.

Wa_ku_Ndola:
Sindikukana kulimba mtima kwawo, aphunzitsi. Ndikungonena kuti munthu amene amadzikhulupirira kwambiri pa September 1961 ndi yemweyo amene anadzadzikhulupirira kwambiri mu 1976.

Mayi_wa_ku_Cork:
Ine ndakhala ku Ireland zaka khumi ndi ziwiri ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ndaona kuti dzina la munthuyu limagawabe anthu pakati. Okalamba ena amawatcha "The Cruiser" mwachikondi, ena amasintha nkhope akangomva dzinalo. Palinso chilonda china cha ku Congo chimene a ku Ndola sanachitchule. Sabata yomweyo ya Morthor, asilikali a Ireland oposa 150 otsogoleredwa ndi a Pat Quinlan anazingidwa ku Jadotville, anamenya nkhondo masiku angapo popanda kutaya munthu ngakhale mmodzi, kenako anagonja zipolopolo ndi madzi zitawathera. Atabwerera kwawo anakhala zaka zambiri osalemekezedwa, ndipo mabanja ena mpaka lero amakhulupirira kuti atsogoleri a United Nations ku Katanga anawasiya okha. Gogo wina amene ndinkamusamalira, amene mchimwene wake anapita ku Congo, sankafuna ngakhale kuona chithunzi cha a O'Brien m'nyuzipepala.

Wophunzira_Malamulo:
Tibwerere ku funso la amene anatsegula nkhaniyi, chifukwa pali cholakwika chimene anthu ambiri amachibwereza. A O'Brien sindiwo anayambitsa chiletsocho. Gawo 31 linali kale m'lamulo la zoulutsa mawu la mu 1960, ndipo amene analigwiritsa ntchito koyamba pa nkhani ya IRA anali a Gerry Collins a chipani cha Fianna Fáil mu 1971. Langizo la a Collins silinatchule gulu lililonse, linangoletsa kuulutsa zolimbikitsa magulu ofuna zolinga zandale mwa chiwawa, moti atolankhani sankadziwa malire. Mu 1972 boma linachotsa bodi yonse ya RTÉ chifukwa cha lipoti la mtolankhani Kevin O'Kelly lofotokoza zimene anakambirana ndi mtsogoleri wa IRA, Seán Mac Stíofáin. Zimene a O'Brien anachita mu 1976 zinali zambali ziwiri. Anachotsera nduna mphamvu yochotsa bodi yokha popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo, ndipo anakhazikitsa kuti chiletso chilichonse chizikhala cha miyezi khumi ndi iwiri, chiziperekedwa kwa aphungu amene angathe kuchikana. Koma kenako anatulutsa chiletso chotchula Sinn Féin mwachindunji, ndipo maboma onse otsatira ankachikonzanso chaka ndi chaka mpaka 1994. Ndiye tinganene kuti anamangira mpanda mphamvu ya nduna, koma mkati mwa mpandawo anaikamo chiletso cholimba kuposa choyamba.

Gogo_wa_Wailesi:
Mwanangu wa malamulo, zimene wanenazo ndi zoona papepala, koma ine ndinagwira ntchito pa wailesi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ndikudziwa mmene chiletso chimagwirira ntchito m'chipinda cholembera nkhani. Lamulo likaletsa chala chimodzi, akuluakulu a wailesi amadula dzanja lonse poopa kulakwa. Tsiku lina ndinajambula mawu a mayi wina wodandaula za mtengo wa feteleza, ndipo mkulu wanga anandiuza kuti ndiwachotse chifukwa mwamuna wa mayiyo ankadziwika kuti ndi wa chipani chosagwirizana ndi boma. Palibe nduna imene inaimba foni, palibe kalata imene inabwera, mantha okha ndiwo anagwira ntchito. Ndinawachotsa mawuwo, ndipo mpaka lero zimandipweteka mumtima. Ku Ireland zinachitikanso chimodzimodzi. A Larry O'Toole anali mtsogoleri wa antchito amene ananyanyala pa fakitale yophika makeke ku Dublin mu 1990, ndipo RTÉ inakana kuwafunsa za sitirakayo chifukwa anali membala wa Sinn Féin, ngakhale nkhaniyo inali ya malipiro ndi ntchito. Zinatengera makhoti, mpaka khoti lalikulu kwambiri mu 1993, kunena kuti wailesiyo inapitirira malire a chiletsocho. Munthu wolemba ngati a O'Brien anayenera kudziwa kuti zidzatero.

Mphunzitsi_wa_Mbiri:
Agogo, mawu anu ndawamva ndipo ndikuwalemekeza. Komabe tiyenera kuika munthuyu m'nyengo yake. Chaka cha 1972 chokha anthu oposa 450 anaphedwa pa mkangano wa ku Northern Ireland. Pa 30 January chaka chimenecho asilikali a Britain anawombera ndi kupha anthu 13 ku Derry, ndipo patangopita masiku atatu khamu la anthu linatentha ofesi ya kazembe wa Britain ku Dublin. Mu May 1974 mabomba a zigawenga za mbali ya Aprotestanti anapha anthu 33 ku Dublin ndi Monaghan tsiku limodzi. Mu July 1976 a IRA anapha kazembe wa Britain, a Christopher Ewart-Biggs, kunja kwa Dublin. A O'Brien ankaopa kuti moto wa kumpoto udzawolokera kummwera ndi kudzetsa nkhondo yapachiweniweni pa chilumba chonse. Ndipo maganizo amenewa sanawapeze pa mpando wa unduna. Anawalemba m'buku la States of Ireland mu 1972, akadali phungu wamba wa chipani cha Labour, momwe ananena kuti Aprotestanti pafupifupi miliyoni imodzi a kumpoto sangakakamizidwe ndi mfuti kulowa m'dziko limene sakulifuna, ndiponso kuti nyimbo ndi nthano zotamanda ofera dziko ndizo zimadyetsa chiwawa. Kunena zimenezo ku Dublin nthawi imeneyo kunkafuna mtima womwewo umene anauonetsa ku Katanga. Ndiye yankho langa kwa wofunsa ndi lakuti mpando sunawasinthe maganizo. Chimene mpando unachita ndi kuwapatsa chida china m'malo mwa cholembera.

Mtolankhani_Wachinyamata:
Aphunzitsi, chiganizo chanu chomalizacho ndicho chandiopsa kuposa zonse zimene zanenedwa.

Gogo_wa_Wailesi:
Chikuyenera kukuopsa, mwanangu. Polemba buku umapatsa wowerenga mpata wokutsutsa. Posaina chiletso umamulanda mpatawo. Ndipo pali nkhani imene aphunzitsi aidumpha. Mu 1976 a O'Brien akucheza ndi mtolankhani wa Washington Post, a Bernard Nossiter, anamuonetsa makalata a owerenga amene anawadula m'nyuzipepala ya Irish Press ndi kuwasunga m'dirowa, nasonyeza kuti lamulo latsopano limene boma linkakonza likanatha kugwiritsidwa ntchito pa mkonzi wosindikiza makalata otere. Mkonziyo anali a Tim Pat Coogan. A Nossiter anakawauza, a Coogan anasindikiza nkhaniyo, ndipo boma linafewetsa mawu a lamulolo. Apa sitikunenanso za zigawenga, tikunena za anthu wamba olembera kalata nyuzipepala, ndi mwana wa mtolankhani amene akusunga makalatawo ngati umboni. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame.

Wophunzira_Malamulo:
Pamenepo sindingawaikire kumbuyo, agogo.

Mlongo_wa_ku_Cape:
Ndili ndi mbali ina imene ikusonyeza kuti munthuyu ankafuna ufulu wolankhula kwambiri pamene wolankhulayo ali iye mwini. Atachoka ku Congo anakhala mkulu woyendetsa yunivesite ya Ghana kuyambira 1962 mpaka 1965, ndipo anasemphana ndi a Kwame Nkrumah chifukwa anakana kuti boma lizilamulira zophunzitsa ndi aphunzitsi. Pamenepo ndimawayamikira. Koma mu 1986 anabwera kuno ku yunivesite ya Cape Town pa nthawi imene olimbana ndi tsankho anapempha ophunzira ndi aphunzitsi a maiko onse kuti anyanyale masukulu a South Africa. Ophunzira anasokoneza maphunziro awo mpaka analekeka, ndipo iwo anadandaula kwambiri kuti ufulu wa maphunziro waponderezedwa. Ine funso langa ndi losavuta. Ngati zinali zolakwika kuwatseka pakamwa ku Cape Town, zinali zolondola bwanji kutseka pakamwa khansala wosankhidwa ndi anthu ku Ireland?

Mphunzitsi_wa_Mbiri:
Achemwali, iwo akanayankha kuti sanagwirepo mfuti ndipo sankalankhulira gulu la mfuti, pamene Sinn Féin ya nthawi imeneyo inkavomereza poyera nkhondo ya IRA. Ankati dziko la demokalase silikakamizidwa kupereka wailesi yake kwa anthu amene akufuna kuligwetsa ndi mabomba. Mukhoza kusagwirizana nawo, koma kusiyana kumeneko si kongopeka.

Mlongo_wa_ku_Cape:
Boma la tsankho linkanenanso chimodzimodzi za ANC, aphunzitsi, ndipo nyuzipepala za kuno sizinkaloledwa kulemba mawu a anthu oletsedwa.

Mphunzitsi_wa_Mbiri:
Koma ku South Africa anthu akuda analibe voti, pamene ku Ireland aliyense anali nayo ndipo akanatha kuchotsa boma. Ndipo analichotsadi. Pa chisankho cha 1977 chipani cha Fianna Fáil chotsogoleredwa ndi a Jack Lynch chinapeza mipando 84 mwa 148, ndipo a O'Brien anataya mpando wawo ku Dublin.

Wa_ku_Ndola:
Anataya mpando, koma chiletso chinatsala zaka zina khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo boma la a Margaret Thatcher linatengerako mu 1988, mpaka makanema a ku Britain ankaonetsa nkhope ya a Gerry Adams, mtsogoleri wa Sinn Féin, koma mawu akunenedwa ndi munthu wa zisudzo. Voti inachotsa munthu, sinachotse chimene anasiya.

Mayi_wa_ku_Cork:
Amene anasiya kukonzanso chiletsocho mu January 1994 anali a Michael D. Higgins, nduna ya chipani chomwecho cha Labour, nawonso mlembi wa ndakatulo, amene pambuyo pake anadzakhala pulezidenti wa dziko mu 2011. Miyezi isanu ndi iwiri itadutsa, pa 31 August 1994, IRA inalengeza kuti yaleka kumenya nkhondo. Sindikunena kuti chimodzi chinabala chinzake, koma anthu amene ndimacheza nawo kuno amati atayamba kumva atsogoleri a Sinn Féin akufunsidwa mafunso ovuta pa wailesi, ndi pamene anayamba kuwaona ngati andale oyenera kuyankha, osati mizimu yobisika. Ndikufunanso kuuza wofunsa kuti si atolankhani onse a kuno amene analowa ndale n'kukhala ngati a O'Brien. A George Lee anali mkonzi wa nkhani zachuma ku RTÉ, wodalirika kwambiri pa nthawi imene mabanki ankagwa. Anapambana mpando wa Dublin South mu June 2009 pa tikiti ya Fine Gael ndi mavoti oposa theka, koma mu February 2010 anatula pansi udindo, ponena kuti chipanicho sichinkawapatsa mpata pa mfundo zachuma, ndipo anabwerera ku wailesi. A Geraldine Kennedy, amene foni yawo inkamvetseredwa mobisa ndi boma mu 1982, anakhala phungu kuyambira 1987 mpaka 1989, kenako anabwerera ku utolankhani ndipo mu 2002 anakhala mayi woyamba kukhala mkonzi wa Irish Times. Njira yobwerera ilipo, ngakhale si onse amene amaipeza yosalala.

Mtolankhani_Wachinyamata:
Zikomo amayi. Nanga a O'Brien atabwerera ku cholembera, owerenga anawalandira bwanji?

Wophunzira_Malamulo:
Anawalandira, ndipo mwina ndi pamene analemba bwino koposa. Atakhala kanthawi m'nyumba yachiwiri ya malamulo, ya Seanad, poimira yunivesite ya Dublin, anakhala mkonzi wamkulu wa Observer ku London mpaka 1981, ndipo anapitiriza kulemba m'nyuzipepala za kwawo kwa zaka zambiri. Mu 1982 munthu wofunidwa pa milandu yakupha anagwidwira m'nyumba ya mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, ndipo nduna yaikulu, a Charles Haughey, anafotokoza nkhaniyo ndi mawu anayi achingerezi osonyeza kuti inali yonyansa, yosakhulupirika, yodabwitsa ndi yosachitikapo. A O'Brien anatenga zilembo zoyambirira za mawuwo n'kupanga liwu lakuti GUBU, limene linamatirira boma limenelo ndipo likugwiritsidwabe ntchito. Ankafunsa za chuma cha a Haughey pamene ambiri ankaopa, ndipo kafukufuku wa boma wa m'zaka za m'ma 1990 anadzasonyeza kuti mtsogoleriyo ankalandiradi ndalama zambiri kwa anthu amalonda. Buku lawo la The Great Melody la mu 1992, lonena za Edmund Burke, wandale ndi mlembi wa m'zaka za m'ma 1700, limawerengedwabe. Ine ndimaona kuti liwu limodzi la m'nyuzipepala linachita zambiri kuposa zaka zinayi za unduna.

Gogo_wa_Wailesi:
Umenewo ndiwo mtima wa nkhaniyi. Munthuyu anali ndi mphatso yoona chimene ena sakufuna kuona ndi kuchinena mosaopa. Mphatso imeneyo imafuna munthu woima panja pa bwalo. Akalowa mkati, kutsimikiza mtima komweko kumene kunamupangitsa kukhala mlembi wabwino kumamupangitsa kusamva ena.

Mphunzitsi_wa_Mbiri:
Ndivomereze kuti m'zaka zawo zomaliza ngakhale ine ndimavutika kuwatsatira. Mu 1996 analowa chipani cha UK Unionist cha a Robert McCartney, chofuna kuti Northern Ireland ikhalebe pansi pa Britain, ndipo anasankhidwa kulowa m'bwalo la zokambirana la Northern Ireland, chinthu chachilendo kwa munthu wochokera m'banja lachikatolika la ku Dublin, amene agogo awo a David Sheehy anali phungu womenyera ufulu wa Ireland wodzilamulira. Anatsutsa pangano la mtendere la Lachisanu Loyera la mu 1998, ndipo analosera mobwerezabwereza kuti njira ya mtendereyo idzathera m'magazi ochuluka. Sizinatero. IRA inawononga zida zake mu 2005, ndipo mu 2007, a O'Brien akadali moyo, a Ian Paisley, mtsogoleri wa mbali ya Aprotestanti, ndi a Martin McGuinness a Sinn Féin anakhala m'boma limodzi. Komabe mfundo yaikulu ya panganolo, yakuti Northern Ireland singasinthe mbali popanda chilolezo cha anthu ake ambiri, ndi yomwe iwo ankailalikira mu 1972 pamene inkaoneka ngati kugulitsa dziko. Anapambana mtsutso umene anauyamba, koma anakana kuzindikira chipambanocho chifukwa chinabwera pamodzi ndi anthu amene analumbira kuti sadzakhala nawo pansi.

Mlongo_wa_ku_Cape:
Ndipo chinabwera mwa kulankhulana ndi anthu omwewo amene iwo anawaletsa kulankhula.

Wa_ku_Ndola:
Kwa wofunsa, ine sindikukuletsani kuima pa chisankho, chifukwa ndale zimafunanso anthu odziwa kuwerenga ndi kufunsa. Koma ndikukupemphani kuti musanapereke mapepala anu, mulembe pansi zinthu zimene simudzachita kwa atolankhani anzanu ngakhale atakulembani zabodza, ndipo pepalalo mukalisungitse kwa munthu amene sadzaopa kukukumbutsani.

Mtolankhani_Wachinyamata:
Ndathokoza nonse, makamaka agogo chifukwa cha nkhani ya mayi wa feteleza ija, imene sinali yophweka kuinena pagulu. Sindinapange chiganizo, ndipo mkonzi wanga wandiuza kale kuti tsiku limene ndidzalengeze ndilo tsiku limene ndidzasiye kulemba za khonsolo yathu, zimene ndikuona kuti n'zoyenera. Ndapeza States of Ireland kwa mnzanga wina ndipo ndiyamba kuliwerenga usiku uno. Aphunzitsi, ndikadzafika pa mitu yonena za 1969 ndi kuyamba kwa zipolowe ku Derry ndi Belfast ndidzabweranso ndi mafunso, chifukwa chimenecho ndicho chaka chimene a O'Brien analowa m'nyumba ya malamulo, ndipo ndikufuna kuona mmene ankalembera za Akatolika a kumpoto asanakhale nduna.